Kakowa ndi ndere: wamkulu ndani padamu?

Mwezi watha ndinakacheza kwa mlimi wina wa nsomba kufupi ndi Domasi m'boma la Zomba. Ndinawapeza bambowo atakhala m'mbali mwa damu lawo, legeni ili m'manja.

"Alangizi, kakowa wandithera nsomba," anadandaula motero.

Nditasuzumira m'damumo ndinaona matope apansi bwinobwino. Madzi anali oyera ngati a pamjigo. Ndinawauza kuti kakowa ngwolakwa ndithu, koma makumba awo akupinimbira ndi njala chifukwa m'madzimo mulibe ndere.

Tiyeni tiziyerekeze ziwirizi. Kakowa wamkulu wotuwa uja amatalika pafupifupi mita imodzi. Amaima phee m'madzi osaya nkumajompha nsomba imodziimodzi, aliyense akumuona. Pamene ndere zimene zimabiriwitsa madzi a m'damu ndi tizomera tosaoneka ndi maso. Mtundu wina wotchedwa Chlorella ngwaung'ono zedi moti tizomera 100 titandandalika pamzere sitingapitirire milimita imodzi. Komatu tizomera timeneti ndiye msipu wa nsomba. Tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, ndipo makumba amadya zonse ziwiri. Madeya amene timathira aja amangoonjezera.

Madzi oyera amathandizanso kakowa yemweyo chifukwa nsomba amaziona mosavuta.

Tsono alimi anzanga, ndere zimafuna dzuwa ndi manyowa. Dulani nthambi zotchinga dzuwa. Khomani timitengo pakona pa damu ngati kakhola, nkumathiramo zitosi za nkhuku kapena manyowa a mbuzi pang'onopang'ono sabata iliyonse. Poyesa, viikani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuonekabe bwino, onjezerani manyowa. Ngati chikusowa madzi asanafike m'chigongono, yambani mwaleka.

Chenjezo limeneli nlofunika. Masana ndere zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma, koma usiku zimaugwiritsanso ntchito. Zikachulukitsa, mpweyawo umatha m'bandakucha. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi m'mamawa, lekani manyowa ndipo lowetsani madzi atsopano msanga. Kakowa amaba zowerengeka, koma ndere zochuluka zingathe kupha nsomba zonse usiku umodzi.

Nanga kakowayo? Kokani zingwe modutsa pamwamba pa damu ndiponso kumbani m'mbali mosaya muja kuti asowe poima. Mukatero legeni ipumule, inu muziyang'anira mtundu wa madzi anu tsiku ndi tsiku.