Chikwapu chomwe chidagwedeza masewero a mahatchi

Pa tsiku la msika ku Chitipa boma, ku Nthalire kapena ku Kameme, kulira kwa chikwapu si chinthu chachilendo. Ngolo ikadzadza matumba a chimanga, ng'ombe n'kuyamba kuzengereza pa chitunda, woyendetsa amangokweza mkono, anthu n'kumapitiriza malonda awo ngati palibe chachitika.

Koma ku Ulaya, chikwapu ngati chomwechi chidagwetsa katswiri wotchuka, n'kuika pamoto bungwe loyendetsa masewero a mahatchi padziko lonse la FEI kutangotsala masiku ochepa kuti mpikisano wa Olympics wa 2024 uyambe ku Paris.

Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili mumzinda wa Lausanne ku Switzerland. Monga momwe Fifa imayendetsera mpira wamiyendo, nalo limaika malamulo a mipikisano yodumphitsa mahatchi, yowayendetsa mitunda italiitali komanso ya dressage, momwe hatchi imaponda mwaluso ngati ikuvina, nthawi zina motsatira nyimbo.

Kusiyana kwake ndi mpira n'kwakuti pano mmodzi mwa osewerawo ndi nyama yomwe siyingadandaule ikapwetekedwa. Choncho masewerowa amadalira kwambiri chikhulupiriro cha anthu oonera, choti mahatchiwo akusamalidwa ngakhale kuseri komwe kulibe makamera.

Pa 22 July 2024, bungweli lidalandira kanema kuchokera kwa loya wina wa ku Netherlands. Kanemayo adaonetsa Charlotte Dujardin wa ku Britain akukwapula hatchi m'miyendo koposa ka 20 pomwe amaphunzitsa wokwera wina wachitsikana zaka zingapo m'mbuyomo.

Dujardin sadali munthu wamba. Adali ndi mamendulo asanu ndi imodzi a Olympics, atatu mwa iwo agolide omwe adapata ku London mu 2012 ndi ku Rio de Janeiro mu 2016. Ambiri amamuona ngati chitsanzo cha wokwera wokonda nyama zake. Apa ndiye padapherezera mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa ofalitsa nkhani a FEI, apa padali pa mphambano. Mpikisano umatsegulidwa pa 26 July. Kukhala chete mpaka masewero atatha kukadapulumutsa nkhope ya katswiriyo kwa masabata awiri okha, koma kanemayo akadatulukabe, ndipo funso likadakhala lakuti: kodi akuluakuluwo adadziwa liti, nanga adabisiranji?

Bungweli lidasankha njira yowawa. Pa 23 July, patangotha tsiku limodzi, lidalengeza kuti layamba kufufuza ndipo lidamuimika kaye. Mwini wake adadzichotsa pa mpikisano, adavomera kuti wa m'kanemayo ndi iye, n'kunena kuti adalakwitsa ndipo akuchita manyazi. Mawa lake kanemayo adaonetsedwa pa wailesi yakanema ku Britain, koma pomwe anthu amamuona, chiganizo chidali chitaperekedwa kale.

Madzi akatayika saoleka. Bungwe la Brooke, lomwe limasamalira mahatchi ndi abulu ogwira ntchito m'maiko osauka, lidamuchotsa pa udindo wa kazembe wake. Mu December 2024, FEI idamugamula kuti asasewere kwa chaka chathunthu kuwerengera kuyambira July uja, komanso alipire chindapusa cha 10,000 Swiss francs.

N'chifukwa chiyani bungweli lidachita changu chotere? Lidali litaona kale zomwe zidagwera anzawo.

Pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, pa masewero ena otchedwa modern pentathlon omwe ali ndi bungwe lawolawo, hatchi yotchedwa Saint Boy idakana kudumpha. Wokwera wake wa ku Germany, Annika Schleu, adaoneka akulira kwinaku akuikwapula, ndipo mphunzitsi wake Kim Raisner adaimenya ndi chibakera. Dziko lonse lidaonera. Mphunzitsiyo adathamangitsidwa, ndipo chaka chisadathe, akuluakulu a masewerowo adagwirizana zochotseratu mahatchi ukatha mpikisano wa ku Paris.

Ngakhale nkhaniyo siidali ya FEI, uthenga udamveka: anthu akatopa ndi nkhanza, masewero atha kutha ngakhale malamulo akuwaloleza.

Ndiye mu 2022 bungweli, pansi pa mtsogoleri wake Ingmar De Vos wa ku Belgium yemwe adasankhidwa mu 2014, lidakhazikitsa komiti yoima payokha yoona za umoyo wa mahatchi. Wapampando wake adali Pulofesa Natalie Waran, katswiri wa za chisamaliro cha nyama. Komitiyo idafunsa maganizo a okwera mahatchi komanso anthu wamba m'maiko osiyanasiyana, ndipo kumapeto kwa 2023 idapereka mfundo 30 zoti zitsatidwe.

Apa ndi pomwe ntchito ya mneneri wa bungwe imaonekera kuti si kukometsa nkhani chabe. Mneneri amayenera kumva kaye zomwe anthu akudandaula, kuzitengera kwa mabwana ake ngakhale zikhale zowawa, kenako n'kubwerera kwa anthu ndi yankho lomwe lili ndi zochita kumbuyo kwake. Mawu okoma opanda chilango amangoonjezera mkwiyo.

Ngakhale zidatero, si onse adakhutira. Omenyera ufulu wa nyama ena adati chaka chimodzi n'chochepa, ndipo ena amafuna kuti mahatchi achoke ku Olympics. Ena adafunsa chifukwa chomwe kanemayo adasungidwira nthawi yaitali n'kudzatuluka mpikisano uli pakhomo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi: nthawi yomwe kanemayo adatulukira siidasinthe zomwe zidali m'menemo.

Kuno kwathu mahatchi ndi ochepa. Alendo amawakwera ku Kande m'boma la Nkhata Bay, ndipo m'zaka za m'mbuyomu amawakweranso pa phiri la Nyika, lomwe mbali yake ili m'boma la Chitipa. Koma nyama zogwira ntchito zilipo zambiri. Ng'ombe zimalima, zimakoka ngolo, zimanyamula odwala ndi amayi oyembekezera komwe galimoto siifika. Dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, ngakhale ambiri sadalimvepo.

Mlimi wodziwa ntchito yake amadziwa kuti ng'ombe ya zilonda pakhosi kaamba ka goli losasema bwino siilima munda wonse, ndipo yokwapulidwa tsiku ndi tsiku imayamba nthumanzi n'kumathawa mzere. Pogulitsa, mabala a pamsana amatsitsa mtengo.

Phunziro linalo ndi la makomiti a m'madera: a timu ya mpira, a msika, a kalabu ya alimi a khofi ku Misuku. Masiku ano foni ili m'thumba la mwana aliyense wodutsa, ndipo zochitika kuseri kwa khola m'mawa zimafika pa WhatsApp dzuwa lisadalowe. Komiti yoyamba kuulula cholakwa chake imapweteka tsiku limodzi, koma yobisa imadzayankha milandu iwiri: cholakwacho ndi bodza lake.

Dujardin adamaliza chilango chake mu July 2025 ndipo adabwerera m'bwalo. Mamendulo ake akadali nawo, koma dzina lake likatchulidwa, ambiri amayamba akumbukira chikwapu chija.