Ndudu ya ku Havana: zaka zitatu za ntchito, ola limodzi la utsi

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Mchinji atalowa m'chigafa cha ku Pinar del Río, kumadzulo kwa chilumba cha Cuba, sangasowe chogwira. Kumeneko masamba amathyoledwa pang'onopang'ono kuyambira m'munsi, amasokedwa awiriawiri n'kupachikidwa pa mikangala, ndipo ambiri amauma ndi mphepo chabe, monga amaumira fodya wa bale kuno ku Malawi. Kusiyana kumayamba fodya akauma. Wa bale amadindidwa m'mabelo n'kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, kenako kunja, kumene makina amamuduladula ndi kutulutsa ndudu masauzande pa mphindi imodzi. Tsamba losankhika la ku Cuba silidulidwa chomwecho. Limasungidwa lathunthu kwa miyezi kapena zaka, mpaka munthu adzalipichire ndi manja kuti likhale ndudu yaikulu yotchedwa cigar.

Ndudu yamtunduwu ilibe pepala, ilibenso kathonje kosefera utsi. Mkati ndi kunja komwe ndi masamba a fodya okhaokha. Mbiri yake ndi yakale: mu 1492 anthu awiri a m'gulu la Christopher Columbus, Rodrigo de Jerez ndi Luis de Torres, adapeza anthu a mtundu wa Taíno ku Cuba akusuta masamba okulungiza, ndipo chizolowezicho chidawolokera ku Ulaya pamodzi ndi zombo za ku Spain.

Fodya wolemekezeka koposa amachokera m'dera la Vuelta Abajo, makamaka m'minda yozungulira matauni a San Luis ndi San Juan y Martínez. Amawokera kumapeto kwa chaka ndipo amathyola m'miyezi yoyambirira ya chaka chinacho, nyengo yomwe mvula imachepa pachilumbapo. Minda ilipo ya mitundu iwiri. Ina imafunditsidwa nsalu yopyapyala pamwamba kuti dzuwa lisaombe kwambiri, ndipo masamba ake amakula aakulu, opyapyala ndi osalala. Amenewa ndiwo amakutira ndudu kunja, ndipo ndi odula kuposa onse, pakuti kabowo kamodzi ka mbozi n'kokwanira kuti tsamba lichotsedwe pa ntchitoyo. Minda ina imasiyidwa padzuwa, ndipo imapereka masamba am'kati.

Pa tsinde limodzi lomwelo masamba salingana. Am'munsi, otchedwa volado, alibe kakomedwe kambiri koma ndiwo amathandiza kuti ndudu iyake bwino. Apakati, seco, ndiwo a fungo. Apamwamba, ligero, amene adaombedwa dzuwa nthawi yaitali, ndi okhuthala, akuda ndi aukali, ndipo amayaka mochedwa. Kakomedwe ka dzina lililonse la ndudu kamachokera m'kasakanizidwe ka masamba atatuwa. Katswiri wosakaniza amasunga muyeso wake mwachinsinsi, ndipo vuto lake ndi lakuti mvula ndi dzuwa zimasintha chaka ndi chaka pomwe wogula amafuna ndudu ikome monga idakomera zaka khumi zapitazo.

M'chigafa masamba amakhala masiku pafupifupi 50, kuchoka pobiriwira, kudzera pa chikasu, mpaka kufiirira. Akatsitsidwa amaunjikidwa milumilu n'kuvundikidwa. Chinyontho ndi kulemera kwa masambawo zimabweretsa kutentha m'kati mwa mulu, ndipo kutenthako kumatulutsa ammonia ndi ukali wina umene ukadakanda kukhosi. Antchito amayang'anira kutenthaku tsiku ndi tsiku. Kukakwera mopitirira amaphwasula mulu, kuukutumula ndi kuunjikanso, am'kati kupita kunja, akunja kulowa m'kati. Akazengereza, fodya amapsa ndipo ntchito ya chaka chonse imatayika. Akafulumira, ndudu imadzatuluka yowawa. Pambuyo pake masamba amasankhidwa, am'kati amachotsedwa gawo la mtsempha wapakati, amavundikidwanso, kenako n'kumangidwa m'mabelo. Okutira kunja amamangidwa m'makungwa a mtengo wa kanjedza wa kumeneko. Volado amadikira miyezi ingapo, pomwe ligero amagona m'nkhokwe zaka ziwiri kapena kuposa.

Ndipamene masamba amafika patebulo la wopichira, amene kwawoko amamutcha torcedor. Zida zake n'zochepa: thabwa, kampeni kopanda chigwiriro kotchedwa chaveta, kachitini ka ulimbo wochokera ku mitengo umene ulibe fungo kapena kakomedwe, zikombole za matabwa ndi chodulira. Amatenga masamba am'kati n'kuwapinda m'dzanja limodzilimodzi, kusiya tinjira ta mpweya kuchokera kumutu kufika kumapeto, ndipo ligero amamuika pakatikati chifukwa cha kuchedwa kwake kuyaka. Mtolowo amaukulunga m'tsamba lina lolimba, n'kuuika m'chikombole kuti upanidwe kwa theka la ola kapena kuposa, akumautembenuza kuti ukhale wobulungira. Kenako amayala tsamba lokutira, kulidula ndi chaveta, kulikoka mosamala ndi kulizunguliza mopendeketsa mpaka kumutu, kumene amamata kachidutswa kozungulira ngati chipewa.

Luso lenileni silioneka ndi maso. Ndudu ikathina, utsi sudutsa ndipo wosuta amangotopa nsagwada. Ikalekerera, imayaka msanga, imatentha ndi kuwawa. Masamba akapendekera mbali imodzi, moto umathamanga mbali imodzinso. Wopichira amayesa zonsezi ndi nsonga za zala zake, popanda sikelo. Maphunziro ake amatenga miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, koma ndudu zazikulu kapena zosongoka kumutu zimapatsidwa kwa okhawo amene akhala pa ntchitoyo zaka zambiri. Pa tsiku munthu mmodzi amapichira ndudu pakati pa 60 ndi 150 malinga ndi kukula kwake. Masiku ano mafakitale ali ndi makina oyesa ngati mpweya ukudutsa bwino, komanso alipo antchito amene udindo wawo ndi kulawa. Ena amasanja ndudu potengera maonekedwe, kuti za m'bokosi limodzi zifanane, yakuda pang'ono kumanzere, yoyererako kumanja.

Pali mwambo wina wa m'mafakitalewa umene ngakhale wodana ndi fodya angausirire. Kuyambira mu 1865, pa fakitale ya El Fígaro ku Havana, opichira adayamba kusonkha ndalama zolipira munthu wowawerengera nyuzipepala ndi mabuku mokweza iwo akugwira ntchito. Manja ali pa fodya, makutu ali pa nkhani, ndipo akakondwa ankamenya chaveta pathabwa m'malo mowomba m'manja. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga, komabe adasanduka gulu la antchito lodziwa ndale kwambiri pachilumbapo, mwakuti boma la atsamunda a ku Spain lidaletsapo mwambowu. Anthu amati dzina la Montecristo, ndudu yomwe idayamba mu 1935, lidachokera m'buku la Alexandre Dumas lomwe opichira ankalikonda. Owerengawo alipobe mpaka lero.

Maina ena ndi akale kuposa apo: H. Upmann adayamba mu 1844, Partagás mu 1845, Romeo y Julieta mu 1875. Cohiba ndi wa posachedwa, wa mu 1966, ndipo poyamba ankapangira Fidel Castro ndi alendo a boma okha. Adayamba kugulitsidwa kwa anthu onse mu 1982. Boma la Castro litalanda mafakitale mu 1960, mabanja ambiri a eni fodya adathawa ndi mbewu komanso luso lawo kupita ku Dominican Republic, Honduras ndi Nicaragua, ndipo lero tauni ya Estelí ku Nicaragua imapikisana ndi Havana popanda manyazi. Chidawakometsera ndi chiletso cha malonda chomwe America idaika pa Cuba mu February 1962. Mneneri wa pulezidenti John F. Kennedy, Pierre Salinger, adasimba yekha kuti bwana wake adamutuma kukagula ndudu za H. Upmann, ndipo atabwera nazo 1,200 mmawa mwake, m'pamene Kennedy adasaina chiletsocho.

Kasutidwe kake nakonso kali ndi malamulo ake. Wosuta amadula kachipewa ka kumutu pang'ono chabe, chifukwa akadula kwambiri tsamba lokutira limamasuka. Poyatsa sagwiritsa moto wa parafini kapena kandulo, poti fungo lake limalowa m'fodya. Amawaula kumapeto kwa ndudu ndi machesi kapena moto wa gasi, akuizunguliza mpaka mkombero wonse utayaka mofanana. Utsi saumeza. Amausunga m'kamwa kanthawi, ena amatulutsako pang'ono m'mphuno, kumene fungo limamveka bwino koposa. Kukoka kamodzi pa mphindi n'kokwanira, ndipo wopupuluma amaitenthetsa n'kuiwawitsa. Ndudu ya msinkhu wa robusto, yotalika mamilimita 124, imatha pafupifupi mphindi 45 kapena ola. Ya msinkhu wa Churchill, ya mamilimita 178, yotchedwa dzina la nduna yaikulu ya ku Britain yomwe idafika ku Cuba koyamba mu 1895, imapitirira ola.

Okonda nduduzi amati imodzi yomweyo imasintha katatu. Poyamba imakhala yofatsa, ya fungo la matabwa ouma, udzu wouma kapena mtedza wokazinga. Pakati imakhuthala, n'kumamveka ngati khofi, koko, chikopa, kapena dothi lonyowa ndi mvula yoyamba. Kumapeto, pamene mafuta a fodya asonkhana pafupi ndi mutu, imalusa ngati tsabola. Palibe khofi kapena uchi umene adathiramo. Zonsezo zimachokera m'dothi, m'mbewu ndi m'kavundikidwe. Kunena zoona, ena mwa akatswiri olemba za kakomedweka amakokomeza, mpaka kutchula zipatso zomwe mphuno ya munthu wamba singazipeze, koma kusiyana kwa ndudu yovundikidwa bwino ndi yosapsa sikufuna katswiri. Phulusa lolimba, lotalika osagwa, limaonetsa kuti m'katimo muli masamba athunthu. Ndudu ikatha saifinya m'mbale; amangoisiya kuti izime yokha.

Kuisunga ndi ntchito inanso. Imafuna chinyontho cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti ndi malo ozizirirako, m'bokosi la matabwa a Spanish cedar, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa, osati ndi mkungudza wa ku Mulanje monga dzinalo lingapusitsire. Ikauma imang'aluka, ikanyowa imachita nkhungu, ndipo kukatentha mazira a kachilombo koboola fodya amaswa n'kuwononga bokosi lonse, monga anankafumbwe m'thumba la chimanga. Zachinyengo nazo n'zambiri: mlendo wogula Cohiba wotchipa mumsewu wa ku Havana kawirikawiri amanyamula zinyenyeswazi zokutidwa bwino.

Ndalama zake si zochepa. Kampani ya Habanos S.A., yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 kuti izigulitsa nduduzi kunja, idalengeza kuti mu 2023 idapeza madola 721 miliyoni, ndipo China ndiye msika wake waukulu. Koma mlimi wa ku Vuelta Abajo amagulitsa gawo lalikulu la fodya wake ku boma pa mtengo woikidwa ndi bomalo, ndipo malipiro a pamwezi a wopichira sangagule bokosi limodzi la ndudu zomwe amapanga. Mphepo yamkuntho ya Ian itaomba Pinar del Río mu September 2022 idagwetsa zigafa masauzande, ndipo chifukwa fodyayu amatenga zaka kuti akhwime, bala lotere silipola nyengo imodzi. Mu Africa muno ayamba kuyesako: ku Maputo kumapichiridwa ndudu za Bongani, ku Harare za Mosi oa Tunya, pomwe tsamba lokutira la ku Cameroon lidatchuka kalekale. Malawi, yemwe ndi mmodzi mwa ogulitsa fodya wa bale ochuluka padziko lonse, amatumizabe kunja pafupifupi fodya wake yense asadasanduke ndudu.

Pa za thanzi, kudula kwa ndudu sikusintha kanthu. Cigar yaikulu imodzi itha kukhala ndi fodya wofanana ndi paketi yathunthu ya ndudu wamba. Nikotini wake amalowa m'magazi kudzera m'kamwa ngakhale utsi usafike m'mapapo, ndipo madokotala adatsimikiza kuti kusuta kotere kumayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya m'kholingo ndi ya kum'mero. Okhala pafupi nawonso amapuma utsi womwewo. Fidel Castro, yemwe dziko lidazolowera kumuona ndi Cohiba pakamwa, adasiya kusuta mu 1985, pamene boma lake linkalimbikitsa anthu a ku Cuba kuti asiye fodya.