Mukufuna kugula kavalo? Yambani mwakaona abulu a ku Dedza

Mwa anyamata athu omwe amapita ku Joni kukasaka maganyu, alipo ena amene adapeza ntchito yosamalira akavalo m'makola a anthu olemera ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Amadzuka nthawi ya Fajr kukachotsa ndowe, kupesa ubweya ndi kupereka udzu, ndipo pakatha zaka zingapo amachidziwa chiwetochi kuposa mwini wake. Akabwera kumudzi ndi kandalama, ena amayamba kulingalira zogula kavalo wawo kuti azikweza alendo pagombe ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndi kumabwereketsa paukwati. Makolo amadabwa. Mayi wa kunyumba amada nkhawa, poti ndalamayo amayembekezera kuti igula malata. Nkhani imatha kufika mpaka kwa a Shehe pambuyo pa Jumu'ah.

Maganizowo si opusa ayi. Kukwera chiweto ndi luso lakale lolemekezeka, ndipo Qur'an, mu Surat An-Nahl ndime 8, imatchula akavalo, nyulu ndi abulu pamodzi ngati ziweto zokwera. Koma ife tikuti musanatulutse ndalama, kwerani galimoto mupite kumapiri a ku Dedza mukakhaleko masiku awiri. Akavalo simukawaonako kwenikweni. Mukaona abulu m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Lilongwe, akukoka ngolo za mbatatesi, nkhuni, njerwa ndi manyowa. Mukadzifunse chifukwa chomwe alimi amenewa, omwe amadziwa kuwerengera phindu la chiweto, adasankhira bulu.

Chifukwa chake akavalo ndi osowa kwathu kuno

Ambiri amaganiza kuti akavalo ndi ochepa m'Malawi chifukwa cha umphawi basi. Umphawi ulipo, koma chachikulu ndi matenda awiri.

Oyamba ndi omwe madokotala a ziweto amawatcha African horse sickness. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri kuposa udzudzu, tomwe timaswana m'matope ndi m'nthaka yonyowa ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi m'bandakucha. Kavalo akagwidwa amatentha thupi, amatupa pamwamba pa maso, amavutika kupuma, ndipo nthawi zina amafa thovu likutuluka m'mphuno. Mwa akavalo 10 osalandira katemera, mpaka 9 angathe kufa matendawa akabwera mwamphamvu. Mankhwala ochiza palibe. M'zaka za 1854 ndi 1855 mliri wa matendawa udapha akavalo pafupifupi 70,000 m'dera la Cape ku South Africa. Mbidzi zimatenga kachilomboka osadwala, ndipo abulu a kuno ku Africa nawonso kawirikawiri samafa nako. Katemera amapangidwa ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria. Amabayidwa chaka ndi chaka, kawiri motalikitsa masabata atatu, ndipo amayenera kukhala pozizira kuchokera kofulira mpaka kufika pakhola panu. Amene mumadziwa mmene magetsi amathimira kwathu kuno mwamva kale vuto lake.

Achiwiri ndi a kashembe, ntchentche yomwe imapereka kaodzera kwa anthu. Kwa ziweto imapereka matenda owondetsa ndi othetsa magazi, ndipo kavalo sapirira nawo. Mabanja oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota kapena ya Liwonde amaidziwa ntchentcheyi. Bulu nayenso amadwala akalumidwa, kungoti amalimbako.

Apa mpamene kutalika kwa malo kumalowera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Nyanja yathu ili pansi, pafupifupi mamita 500. Kozizira tizilombo timeneti timachepa, kotentha ndi konyowa timachuluka. Nchifukwa chake malo omwe adadziwika ndi akavalo m'dziko muno ambiri ndi a kumapiri, monga paphiri la Zomba ndi ku Nyika komwe kale alendo ankayenda pa akavalo poona nyama. Boma la Dedza lomwelo lili ndi nyengo ziwiri: ku Bembeke anthu akuotha moto mu Juni, pamene ku Golomoti ndi ku Mtakataka akugona osafunda.

Wina anena kuti, nanga ku Kande m'boma la Nkhata Bay akavalo sakhala pagombe mpaka kumasambira m'nyanja? Ndi zoona, ndipo zikuonetsa kuti nzotheka. Koma kuti zitheke pamafunika makola otseka madzulo, katemera wosadumpha chaka, mankhwala othamangitsa tizilombo, ndi alendo olipira bwino kuti ndalama zibwerere. Banja lomwe lili ndi ana asukulu liyambe lawerengera zonsezi.

Mtengo wogulira ndiye waung'ono

Kavalo wolemera makilogalamu 400 amadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 8 patsiku, ndipo amamwa madzi malita 25 mpaka 50, kapena kuposa apo kukatentha. Nthawi ya dzinja izi sizivuta. Vuto ndi Okutobala ndi Novembala, tchire litapsa, pamene mbuzi zomwe zikutola mapepala pamsika. Amene sadamwete udzu ndi kuuumitsa pamthunzi mu Epulo adzayamba kumpatsa kavalo madeya okhaokha, ndipo apo mpamene amamuphera. Kavalo sasanza. Chakudya cholemera chikachuluka, kapena chikakhala chankhungu, chimamutsekera m'mimba. Amayamba kupalasa pansi, kuyang'ana kumimba kwake ndi kugubuduka, ndipo popanda dokotala angathe kufa tsiku lomwelo. Chakudya cha nkhuku chogula m'sitolo musampatse konse, chifukwa china chimakhala ndi mankhwala omwe ndi poizoni kwa akavalo ndi abulu.

Ziboda zimakula ngati zikhadabo zathu ndipo zimafunika kusengedwa pakatha masabata 6 mpaka 8. Pali katemera wa kafumbata ndi wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi kulimbana ndi nkhupakupa. Mano nawonso amasongoka mpaka kucheka masaya, ndipo amafuna wodziwa kuwapala. Funsani nokha kuti kuchokera pamudzi panu, munthu wodziwa zimenezi ali pamtunda wotani. Dziwaninso kuti kavalo amakhala zaka 25 mpaka 30. Mukagula wa zaka 8 mwana wanu ali mu Sitandade 1, mwanayo adzakwatira chiwetocho chikadali m'khola chikudya.

Kugula kavalo kunja, monga ku Zambia kapena ku South Africa, kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ndi zikalata za dokotala wa komwe akuchokera. Wogulitsa amene akukuuzani kuti adutsa naye njira zachidule akukugulitsani mlandu.

Phunzirani kukwera musanagule

Amene cholinga chake ndi kukwera basi sayenera kuyamba ndi kugula. Apite komwe kuli akavalo ophunzitsidwa kale, alipire maphunziro angapo, aone ngati mtima ukadali pomwepo atagwapo kamodzi. Tsiku loyamba amaphunzira pansi: kuyandikira chiweto chakuphewa uku akuchilankhula, osati chakumbuyo kapena kutsogolo kwenikweni komwe sichiona bwino, kuzindikira kuti makutu ogonera kumbuyo ndi chenjezo, kugwira chingwe osachikulunga kudzanja. Amakwerera kumanzere. Mwana asakwere popanda chipewa cholimba kumutu ndi nsapato zotseka, ndipo patapata ndi woletsedwa. Wokwera pamodzi ndi chishalo asapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa kavalo, kutanthauza makilogalamu 80 pa kavalo wa 400.

Cholakwa chomwe ambiri amachita ndi kugula kavalo wamng'ono wosaphunzitsidwa poti ndi wotsika mtengo, ati akulire limodzi ndi mwana. Wongoyamba kumene amafunika chiweto chachikulire chofatsa chomwe chidaona zambiri.

Zomwe mukaphunzire kwa abulu

Bulu ndi mbale wake wa kavalo, ndipo zambiri zomwe tanenazi mungaziphunzire pa iye ndi ndalama zochepa. Amadya mapesi, udzu wouma ndi masangwi a mtedza, amapirira chilala, ndipo amalowetsa ndalama sabata yomweyo potuta njerwa, mchenga, madzi kapena matumba a mpunga. Ana amaphunzira naye kutsogolera chiweto, kunyamula chiboda ndi kukwera.

Koma mukafika ku Dedza musatengere chilichonse chomwe mwaona. Yang'anani pakhosi pa abulu okoka ngolo. Ambiri mudzawapeza ndi mabala, kapena zipsera zopanda ubweya. Chifukwa chake ndi goli. Goli lidapangidwira ng'ombe, yomwe ili ndi khosi lonenepa ndi linunda lomwe mtengowo umatsamira. Bulu alibe linunda. Mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika goli la ng'ombe, mtengo umapekesa khungu pafupa tsiku lonse, bala limatseguka, ntchentche zimaterapo, ndipo mawa lake goli limabwereranso pabala pomwepo. Bulu akayamba kukana kuyenda, mnyamata woyendetsa amati ndi waliuma, nkutenga chikwapu.

Choyenera ndi lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wofewa mkati, ndi kachishalo kapamsana konyamula kulemera kwa mitengo ya ngolo, komanso lamba wina wakumbuyo woletsa ngolo kumugunda miyendo potsetsereka. Telala wa pamsika angasoke zimenezi ndi nsalu yolimba ya tenti akaona chitsanzo. Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals lakhala likuphunzitsa eni abulu za malamba otere ndi kuchiza mabala, choncho kufunsa kumeneko kapena kwa mlangizi wa ziweto sikutaya nthawi. Chomwe sitikufuna kuona ndi oilo wakuda wa galimoto akupakidwa pabala. Madzi aukhondo othira mchere pang'ono ndi kupumitsa chiweto zimachiza bwino kuposa oiloyo.

Bulu ali ndi khalidwe lobisa ululu. Kavalo akadwala mudzi wonse umadziwa, koma bulu amangoima phee, mutu pansi. Bulu amene wasiya kudya tsiku limodzi ndi wodwala kwambiri, musadikire mawa. Ubweya wake umalowa madzi msanga, motero amafuna khola lofolera, ndipo kunyanja amafunanso mthunzi masana. Agwire ntchito m'mawa ndi chakumadzulo, amwe madzi oyera kangapo patsiku, pakuti bulu amakana madzi akuda ngakhale ali ndi ludzu. Amakondana awiriawiri, ndipo mukamulekanitsa ndi mnzake amene adazolowerana naye angathe kusiya kudya. Ngati thumba likulola, gulani onse awiri.

Pogula, pitani ndi munthu wodziwa mano. Mano akutsogolo a ubwana amayamba kuguluka pazaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, ndipo pofika zaka 5 onse amakhala aukulu. Bulu wosafika zaka 4 asakoke katundu wolemera chifukwa mafupa ake sadakhwime. Muyendetseni pamalo olimba muone ngati akutsimphina, munyamule mwendo uliwonse, muyang'ane maso ndi pansi pa mchira. Wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, ndipo miyezi yomaliza sayenera kumangidwa pangolo. Pamsana, bulu wamkulu bwino asasenze zoposa makilogalamu 50, ndiye kuti thumba limodzi la feteleza, osati thumba ndi mwini wake pamwamba.

Pali mfundo zingapo za Deen zomwe zikukhudza nkhaniyi mwachindunji. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ankakwera bulu, ndipo adaletsa kumenya chiweto kumaso kapena kuchiotcha chizindikiro kumaso. Nyama ya bulu woweta ndi haraam, choncho bulu akakalamba simungamuzinge ngati mmene mungachitire ndi ng'ombe yotopa. Adzadyabe udzu wanu ngakhale atasiya kukoka, ndipo zimenezi muziwerengere lero. Kumbali ya Zakaat, ma Ulama ambiri, kuphatikizapo a madh-hab a Imam Shafi'i omwe ambirife timatsata, amati kavalo kapena bulu wogwiritsa ntchito pakhomo saperekeredwa Zakaat, pokhapokha ngati mukuwasunga ngati katundu wamalonda.

Samalaninso ndi akuba. Zikopa za abulu zimafunidwa ku China komwe amapangira mankhwala otchedwa ejiao, ndipo malondawa adachepetsa abulu m'maiko angapo a mu Africa mpaka atsogoleri a African Union adagwirizana zowaletsa pamsonkhano wawo ku Addis Ababa mu Febuluwale 2024. Bulu wotsika mtengo modabwitsa, wogulitsidwa usiku popanda mboni, musiyeni. Malonda achitike pamaso pa a mfumu a m'mudzimo, mulemberane kalata, ndipo mutenge chiphaso chosamutsira chiweto ku ofesi ya za ziweto musananyamuke.

Potsika naye kunyanja, kaya mudzera msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti kapena wa ku Salima, mukwezeni galimoto yokhala ndi udzu pansi kuti asaterereke, ndipo munyamuke m'mawa kusanatenthe. Akafika, masabata awiri oyamba asagwire ntchito. Wachoka kozizira, ndipo thupi lake likufuna nthawi kuti lizolowere kutentha, udzu wachilendo ndi madzi atsopano. M'masiku amenewo muitaneni mlangizi wa ziweto adzamuone ndi kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo telala akhale atamaliza kusoka malamba ngolo isanatuluke koyamba.