Khomo la ku Mangalande limatsekedwa ndi mavoti

Tsiku lina Lachisanu mu Okutobala 2025, titatha kupemphera Jumu'a, bambo ena a m'dera lathu anandikokera pambali pa chitsime cha pamzikiti. Ndi bambo odziwika padoko pathu, eni chilimila ndi boti la injini, ndipo ana awo atatu anadutsa m'manja mwanga kumadrasa. Anasolola pepala m'thumba la mkanjo nati, "Mwalimu, inu Chingerezi mumachimva. Tandiwerengerani ichi."

Pepalalo linkanena kuti mwana wawo wamkazi, amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4, wapezeredwa ntchito yosamalira nkhalamba ku Mangalande. Mkulu amene analibweretsa ankafuna K8 miliyoni mwezi usanathe. Bambowa anali atagwirizana kale mtengo wa injini ndi wogula.

Ndinawauza zimene ndinkadziwa, kuti boma la Britain linasiya kupereka ziphaso za ntchito imeneyi kwa anthu ofunsira ali kunja kuyambira pa 22 Julayi 2025. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Nanga mwana wa achimwene anga anapita bwanji mu 2022?"

Limeneli ndi funso lachilungamo, ndipo ndikudziwa kuti lili m'mitima ya mabanja ambiri kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota. Yankho lake lili m'ndale za dziko lija, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Msika umodzi wa ku Ulaya

Mu 1957 maiko asanu ndi limodzi, France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anapangana zokhala ndi msika umodzi kuti katundu azidutsa m'malire popanda msonkho. Britain poyamba inakhalira pambali. Itasintha maganizo, mtsogoleri wa France, Charles de Gaulle, anaikaniza kawiri, mu 1963 ndi mu 1967. Inadzalowa mu 1973 motsogozedwa ndi nduna yaikulu Edward Heath wa chipani cha Conservative. Mu 1975 boma la chipani cha Labour linachititsa riferendamu, monga ija tinachita ife mu 1993, ndipo anthu awiri mwa atatu alionse anavomereza kukhalabe m'bungwelo.

Muonetsetse apa abale anga. Chipani chimene chinalowetsa dzikolo ndi Conservative, ndipo Labour pachisankho cha 1983 inkalonjeza kulitulutsa. Patapita zaka, awiriwa anasinthana malo ngati osewera mpira pobwera kopuma. Amene amakhulupirira kuti andale a kwa Azungu sasintha mawanga ayambe waganizira zimenezi.

Pangano la ku Maastricht la 1992 linasandutsa msika uja kukhala European Union. Mfundo imodzi ya bungweli inali yakuti nzika ya dziko lililonse la m'bungwemo ikhoza kukakhala ndi kugwira ntchito m'dziko lina popanda kupempha chilolezo. Katundu akamadutsa, palibe ankadandaula kwambiri. Mkangano unadzakula pa anthu.

Komatu mkangano wa alendo ku Britain ndi wakale kuposa bungweli. Nkhondo yachiwiri itatha, dzikolo linasowa manja ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, m'mabasi ndi m'zipatala, ndiye anthu anabwera kuchokera ku West Indies, India ndi Pakistan. Asilamu ambiri a ku Bradford ndi Birmingham makolo awo anafika nthawi imeneyo. Mu 1962 Nyumba ya Malamulo inayamba kuchepetsa khomo. Mu Epulo 1968 phungu wa Conservative, Enoch Powell, analankhula ku Birmingham mawu oopseza kuti alendowa adzabweretsa chipwirikiti. Heath anamuchotsa paudindo, koma anthu zikwi zambiri anamuchemerera.

Mu 1972 Idi Amin atathamangitsa Amwenye ku Uganda, khonsolo ya mzinda wa Leicester inalipira chilengezo m'nyuzipepala ya ku Kampala chowauza kuti asabwere kumeneko. Anapitabe. Nafenso nkhaniyi inatikhudza. M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Banda litalamula kuti Amwenye achotse masitolo awo kumidzi, mabanja ambiri amene agogo athu ankagulako nsalu ndi mchere anasamukira ku Britain, ndipo ambiri a iwo anakakhazikika ku Leicester komweko. Mu 1976 mabanja ochepa ochokera ku Malawi atasungidwa kwa kanthawi muhotela pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick, nyuzipepala zina za kumeneko zinachita nawo phokoso ngati dziko lagwa.

Voti ya m'mwezi wa Ramadhani

Mu 2004 maiko khumi analowa mu European Union, ambiri a iwo osauka a kum'mawa kwa Ulaya monga Poland. Maiko ngati Germany ndi France anati anthu a kumeneko ayambe adikira zaka zingapo. Boma la Tony Blair la Labour linatsegula khomo tsiku lomwelo. Kafukufuku amene boma linadalira ankayembekezera anthu osaposa 13,000 pachaka. Anabwera mazanamazana a zikwi, amisiri omanga, othyola zipatso m'minda, ogwira ntchito m'mosungira katundu.

Apa ndi pamene kachipani kakang'ono ka UKIP, kokhazikitsidwa mu 1993, kanapeza poponda. Mtsogoleri wake Nigel Farage ankauza anthu kuti malinga ali m'bungwelo, palibe boma limene lingathe kuchepetsa alendo. David Cameron wa Conservative analowa m'boma mu 2010 atalonjeza kuti kusiyana kwa olowa ndi otuluka m'dziko kudzatsika kufika pansi pa 100,000 pachaka. Sizinatheke. Poona kuti UKIP ikumudyera mavoti ndiponso aphungu ake omwe akumuvutitsa, mu 2013 analonjeza riferendamu. Mu 2014 UKIP inakhala yoyamba pachisankho cha aphungu opita ku nyumba ya malamulo ya ku Ulaya. Ine ndimaona kuti Cameron anaitanitsa votiyo pofuna kuzimitsa moto wa m'nyumba mwake, osati chifukwa ankafuna kutuluka, pakuti iye mwini anachitira kampeni yokhalabe.

Voti inachitika pa 23 Juni 2016, Asilamu ali pakati pa kusala kwa Ramadhani. Patatsala mwezi umodzi, chiwerengero cha boma chinasonyeza kuti mu 2015 olowa anaposa otuluka ndi anthu pafupifupi 330,000. A mbali yofuna kutuluka anachigwira ndi manja awiri.

Tsono apa pali chinthu chimene ife Asilamu tiyenera kuchiona bwino. Lamulo limene ankakangana linali lokhudza Azungu anzawo a ku Poland ndi Romania, ambiri a iwo Akhristu. Koma nkhope imene inaikidwa pazikwangwani inali ina. Farage anaimika chikwangwani chachikulu chosonyeza mzere wautali wa anthu othawa kwawo, ambiri a ku Middle East, amene anajambulidwa kutali kumalire a Croatia ndi Slovenia. Ena ankalengeza kuti Turkey, dziko la Asilamu la anthu 76 miliyoni, yatsala pang'ono kulowa m'bungwelo. Patha zaka zambiri, Turkey sinalowe. Tsiku lomwe chikwangwani chija chinaonetsedwa, pa 16 Juni, phungu wamkazi wa Labour, Jo Cox, amene ankalankhulira othawa nkhondo ku Syria, anaphedwa pamsewu ndi munthu wa maganizo a tsankho. Sayeeda Warsi, mayi wa Chisilamu amene anakhalapo wapampando wa chipani cha Conservative, analengeza kuti sangagwirizanenso ndi mbali yotuluka chifukwa cha kampeni yotere.

Koma si Asilamu onse anaganiza chimodzimodzi. Eni malesitilanti ambiri ochokera ku Bangladesh anauzidwa kuti Azungu a kum'mawa akaletsedwa, kudzakhala kosavuta kuitanitsa ophika kuchokera kwawo, ndipo atsogoleri awo ena anachirikiza kutuluka. Pambuyo pake anadandaula poyera kuti anapusitsidwa. Kafukufuku wa Lord Ashcroft anapeza kuti Asilamu 7 mwa 10 alionse anavotera kukhalabe.

Zotsatira zake: 17.4 miliyoni anati tituluke, 16.1 miliyoni anati tikhale. London, Scotland ndi Northern Ireland anavotera kukhala. Cameron anatula pansi udindo. Theresa May analimbana nayo nkhaniyi zaka zitatu naye n'kugwa, ndipo Boris Johnson ndi amene anatulutsa dzikolo pa 31 Januwale 2020.

Anatseka kutsogolo, anatsegula kuseri

Tsopano tafika pa mwana wa achimwene awo a bambo aja. Azungu a kum'mawa atachepa, nkhalamba za ku Britain sizinasiye kukalamba. Kumeneko okalamba ambiri amasamalidwa m'nyumba zapadera kapena ndi antchito oyendera m'makomo, ndipo ntchitoyo ndi yolemetsa, malipiro ake ndi otsika, eni dziko saithamangira. Mu Febuluwale 2022 boma la Conservative lomwelo linalola kuti antchitowa azichokera kulikonse. Anthu anakhamukira kumeneko kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena, kuphatikizapo ana athu ena. Pamodzi ndi ophunzira m'mayunivesite ndi othawa ku Ukraine ndi Hong Kong, chiwerengero chija chimene chinakwiyitsa anthu chili 330,000 chinapitirira 900,000 mu 2023.

Anthu amene anavota kuti alendo achepe anaona alendo atawonjezeka pafupifupi katatu. Mungaganize nokha mkwiyo wake. Boma linayamba kulankhula kwambiri za timaboti todutsa nyanja kuchokera ku France, pamalo a makilomita 33 okha, osafika theka la pamene nyanja yathu inatambalala kwambiri. Mu 2022 odutsa motere anali pafupifupi 45,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene boma lomwelo linawapatsa ziphaso. Chaka chomwecho linakonza zoti liziwatumiza ku Rwanda, koma khothi lalikulu linakana mu Novembala 2023. Mu Malichi 2024 osamalira nkhalamba analetsedwa kutenga amuna, akazi kapena ana awo. Mu Julayi 2024 Labour ya Keir Starmer inapambana chisankho ndi kuthetsa za ku Rwanda, koma chipani chatsopano cha Farage, Reform UK, chinapeza mavoti oposa 4 miliyoni. Labour itaona zimenezo, nayonso inaumitsa mtima, ndipo ndi iyo inatseka khomo lija mu Julayi 2025.

Ngakhale pamene linali lotsegula, si onse anapeza zimene analonjezedwa. Boma la Britain linanena mu 2025 kuti linalanda ziphaso makampani oposa 470 a ntchito imeneyi, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ambiri anafika atalipira ndalama zankhaninkhani kwa amkhalapakati n'kupeza kuti ntchito kulibe, ngongole ili kumudzi.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti onse amene anavotera kutuluka ndi anthu a tsankho. M'matauni ambiri a kumpoto kwa England migodi ndi mafakitale zinatsekedwa kalekale, nyumba zinakwera mtengo, kuchipatala mzere ndi wautali. Munthu wovutika akauzidwa kuti wachititsa ndi mlendo, savuta kukhulupirira. Ife timazidziwa bwino zimenezi. Mu 2008 ndi 2015 mabasi anabweza abale athu kuchokera ku Joni, ambiri a ku Mangochi konkuno, atathamangitsidwa ndi mawu omwewo akuti mukutilanda ntchito. Ndipo mu 2023, pamene othawa kwawo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo ankachotsedwa m'misika yathu kubwezedwa ku Dzaleka, ndinamva ena a ife, otuluka mumzikiti, akuwerengera amene atenge magolosale awo. Ana anga kumadrasa amaloweza mbiri ya maswahaba amene anathawira ku Habasha nalandiridwa ndi mfumu ya Chikhristu Najashi, ndi ya Answari a ku Madina amene anagawana chuma ndi Amuhajirina a Mtumiki (SAW). Sabata imeneyo phunzirolo linandivuta kuphunzitsa.

Mawu a andale amafika mpaka pakhomo la mzikiti. Pa 29 Julayi 2024 atsikana atatu aang'ono anaphedwa m'tauni ya Southport. Mphekesera inafala pa intaneti kuti wakupha ndi Msilamu wobwera paboti. Linali bodza: anali mnyamata wobadwira ku Cardiff m'banja la Chikhristu. Koma tsiku lotsatira khamu linagenda mzikiti wa m'tauniyo ndi njerwa, ndipo zipolowe zinafalikira m'mizinda ina. M'mawa mwake anansi a mzikitiwo, ambiri osakhala Asilamu, anabwera ndi matsache ndi simenti kudzamanganso mpanda. Zonse ziwirizi ndi Britain.

Asilamu ku England ndi Wales analipo 3.9 miliyoni pakalembera wa 2021, ndipo sali chete. Sadiq Khan anasankhidwa kukhala meya wa London mu 2016. Pachisankho cha 2024, mpando wa Leicester South, mumzinda uja unauza Amwenye kuti asabwere, unatengedwa ndi Shockat Adam, woima payekha, Msilamu wobadwira kuno ku Malawi. Komabe musaganize kuti m'bale akakhala pampando ndiye kuti khomo latseguka. Priti Patel, amene makolo ake anachokera ku Uganda, ndiye anasainira pangano la ku Rwanda. Shabana Mahmood, mayi wa Chisilamu amene anasankhidwa kukhala nduna ya za m'dziko mu Sepitembala 2025, analengeza mu Novembala chaka chomwecho malamulo okhwima kwambiri pa othawa kwawo. Aliyense wa iwo amayang'ana ovota a kwawo.

Zonsezi sindinathe kuwafotokozera bambo aja pachitsime paja. Ndinangowauza kuti malamulo a kumeneko salola wolemba ntchito kugulitsa chikalata chotere kwa wantchito, ndiponso kuti amufunse mkulu uja dzina la kampaniyo ndi nambala yake kuti tikafufuze. Anamuimbira foni ndili pomwepo. Mkuluyo anati ayankha madzulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yake siinapezekenso.

Injini ikadali paboti, ndipo alovi asanu ndi anayi akudyabe pamenepo. Mwana wamkaziyo ndinakumana naye panjira ya kuchigayo. Ndinampatsa salamu, anayankha ndi mawu otsika osandiyang'ana. Mayi ake anauza akunyumba kwanga kuti mtsikanayo amati ndine ndinamutsekera mwayi, ndipo wayamba kufunsa za mtengo wa basi ya ku Joni.