Galu wa Mtundu wa Pug: Nkhope Yokondedwa ndi Vuto la Kupuma

Pug ndi galu wamng'ono wa nkhope yophwatalala ndi yamakwinya, maso aakulu otong'oka ndiponso mchira wopiringizika, ndipo akakula amayenera kulemera pakati pa makilogalamu 6 ndi 8. Mtunduwu unachokera ku China, kumene unkasungidwa kunyumba za mafumu, ndipo unafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500 kudzera mwa amalonda a ku Netherlands. Pofika mu 1745 unali utazika mizu ku England, moti katswiri wojambula zithunzi William Hogarth anadzijambula ali ndi pug wake wotchedwa Trump. Galuyu sanawetedwe kuti azilondera pakhomo kapena kusaka, koma kuti azikhala pafupi ndi munthu, n'chifukwa chake amagwirizana ndi ana, amatsatira mwini wake kulikonse m'nyumba, ndipo amasowa mtendere akasiyidwa yekha tsiku lonse.

Banja lofuna kumuweta liyenera kuyamba lamvetsa kuti nkhope imene imakopa anthuyo ndi yomwenso imamuzunza. Kwa mibadwo yambiri oweta akhala akusankha agalu a mphuno yaifupi kwambiri kuti ndiwo aziswana, mafupa a kumaso n'kumafupika pamene minofu ya m'kati sinachepe molingana nawo. Zotsatira zake n'zakuti mabowo a mphuno ndi opanikizika, lilime limadzaza m'kamwa, ndipo mnofu wofewa wa kumtunda chakumbuyo kwa kamwa umalendewera pakhomo pa kholingo n'kumatchinga mpweya. Madokotala a ziweto amatchula vutoli mwachidule kuti BOAS, kutanthauza kutsekeka kwa njira ya mpweya mwa agalu a mutu waufupi. Kafukufuku wa Royal Veterinary College ku Britain, amene anatuluka mu 2022, anapeza kuti chiopsezo cha matendawa mwa pug n'chachikulu pafupifupi maulendo 54 poyerekeza ndi agalu ena. N'zomvetsa chisoni kuti eni ake ambiri amasangalala ndi mkonono wa galuyu poganiza kuti ndi chibadwa chake, chikhalirecho ndi phokoso la nyama imene ikulimbana ndi mpweya. Pug wovutika kwambiri amagona chokhala, kapena kutsamiritsa chibwano pachinthu chokwera, ndipo wina amagona ataluma chidole kuti kukamwa kukhale kotsegula usiku wonse.

Vutoli limakula nyengo yotentha, chifukwa galu sadziziziritsa ndi thukuta ngati munthu koma ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo njira ya mpweya ikakhala yopanikizika thupi limatentha msanga mpaka galu kukomoka ngakhale kufa kumene. M'madera monga Chikwawa ndi Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuweta pug n'kumuika pangozi yeniyeni. Ngakhale kumalo ozizirirapo, ayenera kuyendetsedwa m'mamawa kapena dzuwa litapepa, kukhala ndi mthunzi ndi madzi nthawi zonse, ndiponso kusasiyidwa m'galimoto yoima ngakhale kwa kanthawi kochepa. Akayamba kutuluka dovu lambiri, kudzandira, kapena nkhama zikasintha mtundu, afunika kuthiridwa madzi ozizira thupi lonse nthawi yomweyo kenako n'kuthamangira naye kwa dokotala.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chimayambira pa mbale ya chakudya, pakuti pug ndi wadyera ndipo amanenepa msanga, pamene mafuta a m'khosi ndi pachifuwa amawonjezera kubanika. Chakudya chiyenera kuyezedwa, makombo a patebulo kupewedwa, ndipo nthiti zake zizimveka mosavuta munthu akamusisita m'mbali. Pomuyendetsa, lamba wa pachifuwa ndi woyenera kuposa wa m'khosi, amene amafinya kholingo. Makwinya a pamwamba pa mphuno amasunga chinyontho ndi litsiro, choncho amafunika kupukutidwa ndi kansalu konyowa kenako n'kuumitsidwa bwinobwino, apo ayi khungu limafiira, limanunkha ndi kuchita zilonda. Maso nawo, popeza amakhala m'mabowo osazama, amakandika mosavuta ndi udzu kapena zikhadabo za mphaka, ndipo diso limene galu akulitsinzina kapena likutuluka misozi yambiri silofunika kulidikirira mawa. Katemera wa chiwewe ndi mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba n'zofunika monga kwa galu wina aliyense.

Chisankho chachikulu chimachitika galuyo asanalowe pakhomo. Wogula ayenera kuona mayi wa kagaluko ndi maso ake, kumuyendetsa pang'ono n'kumvetsera kapumidwe kake, ndiponso kusankha ana a makolo amene mphuno zawo n'zotalikirapo ndi zotseguka bwino. Ku Britain, bungwe la Kennel Club ndi yunivesite ya Cambridge anakhazikitsa mu 2019 njira yoyezera kapumidwe ka agaluwa pa magiredi 0 mpaka 3, ndipo galu wa giredi 3 sayenera kubereketsedwa. Chaka chomwecho boma la Netherlands linayamba kuletsa kubereketsa agalu amene mphuno yawo siikwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa mutu. Kwa pug amene anabadwa kale ndi vutoli, opaleshoni yokulitsa mabowo a mphuno ndi kudula mnofu wolendewera uja imathandiza, ngakhale kuti ndi yodula ndipo siichiritsiratu, choncho banja liyenera kuwerengera ndalama zimenezi lisanavomere kumulera.