Wochonga mayeso akakhala yemwe walandira fizi

M'misewu ya pakati pa mzinda wa Bulawayo, monga Fort Street ndi Fife Street, zikwangwani za makoleji omwe si aboma zimapezeka pamwamba pa masitolo ndi pamakomo a maofesi akale. Ena mwa makolejiwa amaphunzitsa ana obwereza Fomu 4, ena makompyuta, kuwerengera chuma, ntchito za m'mahotela kapena kusamalira odwala. Ambiri mwa ophunzira amachokera m'makomboni monga Makokoba, Njube ndi Sizinda, komwe kuli mabanja ambiri a zidzukulu za anthu a ku Nyasaland amene adabwera kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Ena amatumizidwa kuchokera kumudzi, makolo atagulitsa ng'ombe kapena mbuzi.

Makolejiwa sadangobuka ngati bowa. M'chaka cha 2008 chuma cha Zimbabwe chidalowa pansi, malipiro a mphunzitsi adasanduka mapepala chabe, ndipo aphunzitsi ambiri adathawira ku South Africa ndi ku Botswana. Mu February 2009 bungwe la UNICEF lidanena kuti sukulu 94 mwa 100 zilizonse zakumudzi zidali zotseka. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America m'chaka chomwecho, munthu wokhala ndi chipinda, bolodi ndi mipando adaona kuti maphunziro ndi malonda. Kunena zoona, alipo makoleji amene adapulumutsa ana ambiri pa nthawi imeneyo, ndipo ena akugwira ntchito yotamandika mpaka lero.

Vuto lili pa gwero la ndalama. Koleji yotere ilibe thandizo la boma kapena la mpingo. Lendi, magetsi ndi malipiro a aphunzitsi zonse zimachokera m'thumba la wophunzira. Mwana akalephera mayeso a teremu yoyamba, kholo limamuchotsa n'kupita naye ku koleji ya tsidya lina la msewu. Choncho mphunzitsi amene amachonga mosakondera amakhala ngati akuthamangitsa makasitomala a bwana wake, pomwe iye mwini kawirikawiri amalipidwa malinga ndi maola amene waphunzitsa ndipo akhoza kuchotsedwa tsiku lililonse. Sipafunika kuti wina amulamule kuti akweze malikisi. Amadziwa yekha kuti 43 akuyenera kukhala 55, ndiponso kuti ntchito yokopera kwa mnzake kapena pa intaneti ndi bwino kungoiyang'ana ndi diso limodzi. Lipoti lopita kwa kholo limakhala lokoma, fizi ya teremu yachiwiri imalipidwa, ndipo palibe amene amadandaula.

Chinyengochi chimaululika mwana akakumana ndi wochonga wachilendo. Mayeso a O Level amakonzedwa ndi bungwe la ZIMSEC, ndipo kuti munthu alowe ntchito monga unamwino kapena uphunzitsi amafunika kukhoza maphunziro asanu, kuphatikizapo Chingerezi. M'chaka cha 2024, mwa ana atatu aliwonse amene adalemba maphunziro asanu kapena kuposerapo, pafupifupi mmodzi yekha ndiye adakhoza maphunziro asanu. Tsono mukaona chikwangwani chonena kuti pa koleji yakuti ana onse adakhoza, funsani kuti "onse" amenewo adalipo angati. Njira yake ndi yosavuta: ana ofooka amauzidwa kuti akalembetse mayeso paokha kumalo ena, ndipo maina awo salowa m'chiwerengero chimene chimalembedwa pa khomo.

Ngakhale mayeso aboma adalawako matendawa. Kuyambira 2021, gawo la malikisi 30 mwa 100 linkachokera ku ntchito zimene ophunzira ankachita mkati mwa chaka, zotchedwa CALA, zomwe zinkachongedwa pasukulu pomwepo. Posakhalitsa kudabuka anthu olembera ana ntchitozi pa mtengo, ndipo makolo adadandaula kuti mwana wa mwini ndalama ndiye amapeza malikisi. Boma lidathetsa CALA m'chaka cha 2024 n'kuikapo ndondomeko ina. Kubedwa kwa mayeso nako kudachititsa kuti zotsatira za ana pafupifupi 5,000 amene adalemba O Level mu 2022 zifafanizidwe. Owerenga a ku Malawi akukumbukira kuti mayeso a MSCE a 2020 adaimitsidwa pa chifukwa chomwechi, ana n'kulembanso mu January 2021.

Koma pa mayeso ngati amenewa pali bungwe loti n'kuliimba mlandu. Choopsa kwambiri ndi satifiketi imene koleji imaphunzitsa yokha, kufunsa mayeso yokha, kuchonga yokha n'kusindikizanso yokha. Mu February 2022 dziko la Britain litatsegula khomo kwa anthu osamalira okalamba ndi odwala, maphunziro a miyezi yochepa othandizira anamwino adasanduka golide mu Zimbabwe. Pambali pa mabungwe odziwika monga Red Cross ndi St John Ambulance, padamera timakoleji tambiri tolonjeza pepala lofulumira. Mu July 2025 Britain idatseka khomo lija kwa olembedwa ntchitoyi kuchokera kunja. Amene adaphunziradi kutembenuza wodwala pabedi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi adatsala ndi luso loti akhoza kudyera kwina. Amene adangogula pepala adatsala ndi pepala ndi ngongole.

Izi si za mayiko osauka okha. Ku America, kampani ya Corinthian Colleges idalipitsidwa chindapusa cha madola 30 miliyoni mu 2015 chifukwa chonama pa chiwerengero cha ophunzira ake amene adapeza ntchito, ndipo idagwa chaka chomwecho.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a m'midzi, kholo likabwera ndi kapepala kotsatsa koleji, funso loyamba lisakhale la fizi koma lakuti: mayeso otsiriza amachonga ndani? Ku Zimbabwe maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso amayesedwa ndi bungwe la HEXCO, lomwenso limayesa ophunzira a pa Bulawayo Polytechnic, pomwe madigiri amayang'aniridwa ndi ZIMCHE. Ku Malawi ntchito zimenezi zili m'manja mwa TEVETA ndi NCHE. Koleji yolembetsedwa ku unduna imakhala ndi chikalata, ndipo kholo lili ndi ufulu wochiona ndi maso, n'kufananiza dzina ndi adilesi ndi malo amene laimapo. Lifunsenso kuti chaka chatha ndi ana angati adayamba kalasi mu January, angati adalembera mayeso pamalopo, ndipo angati adakhoza. Manambala atatuwa alembedwe papepala kholo lisadapereke dola imodzi.