Diablo IV: msinkhu woyenera ndi chitetezo pa intaneti

Diablo IV ndi masewera a pakompyuta omwe anapangidwa ndi kampani ya Blizzard Entertainment ya mumzinda wa Irvine ku California, m'dziko la America. Anatulutsidwa pa 6 June 2023 ndipo amaseweredwa pa makompyuta a Windows, pa PlayStation 4 ndi 5, komanso pa Xbox One ndi Xbox Series X/S. Wosewera amasankha munthu womuyimira, monga wankhondo kapena wamatsenga, n'kumalimbana ndi ziwanda m'dziko lopeka lotchedwa Sanctuary. Mdani wamkulu ndi Lilith, mwana wamkazi wa chiwanda chotchedwa Mephisto.

Msinkhu woyenera

Bungwe la ESRB, lomwe limaunika masewera ku America ndi ku Canada kuyambira mu 1994, linapatsa Diablo IV chizindikiro cha M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Ku Ulaya, bungwe la PEGI linaika zaka 18. Zifukwa zake ndi magazi ochuluka, ziwalo za anthu zoduka, chiwawa choopsa komanso mawu otukwana. Zizindikirozi sizinena ngati masewera ndi ovuta kapena osavuta kusewera. Zimangonena za zimene wosewera adzaona ndi kumva.

Kusewera ndi anthu ena

Diablo IV sagwira ntchito popanda intaneti, ngakhale munthu atafuna kusewera yekha, ndipo pamafunika akaunti ya Battle.net. Osewera ena amaonekera m'matauni ndi m'madera ambiri a Sanctuary. Anthu mpaka anayi akhoza kupanga gulu limodzi n'kumatumizirana mauthenga, ndipo m'madera otchedwa Fields of Hatred osewera amaloledwa kumenyana okhaokha. ESRB imaunika zimene kampani inaika m'masewera basi, osati zolemba kapena zolankhula za osewera. N'chifukwa chake chizindikiro cha msinkhu sichiteteza mwana kwa anthu osawadziwa amene angamunyoze kapena kumufunsa dzina, sukulu ndi kumene amakhala.

Kugula zinthu

M'masewerawa muli sitolo yogulitsa zovala ndi zokongoletsa za munthu womuyimira wosewera. Zinthuzi zimalipiridwa ndi ndalama za m'masewera zotchedwa Platinum, zomwe zimagulidwa ndi ndalama zenizeni. Ngati khadi la kubanki lasungidwa pa akaunti, mwana akhoza kuwononga ndalama zambiri makolo osadziwa.

Njira zodzitetezera

Makina a PlayStation ndi Xbox ali ndi malo amene makolo angaikemo malire a msinkhu, a nthawi yosewera, a ndalama komanso a anthu olankhula nawo. Wosewera akhoza kutsekereza munthu wovutitsa n'kukamuneneza kwa Blizzard. Kuti akaunti isabedwe, kampaniyi ili ndi Battle.net Authenticator, yomwe imafuna chitsimikizo cha pafoni munthu asanalowe. Njirazi zimachepetsa mavuto ochokera kwa anthu ena, koma sizichotsa chiwawa cha m'masewera enieniwo, chomwe chinakonzedwera akuluakulu.